Mphatso Yochokera M'manja mwa Mwini



Pa tsiku longa lino maso a anthu amathamangira ku magule ndi ku zovala, makutu nathamangira ku nyimbo, ndipo m'pomveka kutero. Komatu pabwalo pomwe pano pali zinthu zina zimene sizivina kapena kuimba, chonsecho popanda izo mwambo ukadapunduka. Pali mphasa zimene akhalapo amayi, mpando wosema umene wakhalapo mfumu, lichero limene lapeta mphale ya nsima ya alendo, mtsuko wa thobwa, ndi ng'oma imene yaitana khamu lonseli. Chilichonse mwa zimenezi chidatuluka m'manja mwa munthu. Nkhani ino ikunena za manja amenewo, makamaka za mwambo wopanga kanthu pakhomo n'cholinga chokapatsa munthu wina, mwambo umene ukuzilala mwakachetechete pamene magule akadali amoyo.

Kupatsa n'kuika

Akale adati kupatsa n'kuika. Mwambi umenewu udabadwa kulibe sitolo yogulako mphatso, pa nthawi imene munthu ankapereka chimene walima, chimene wasaka kapena chimene wapanga yekha. Mbiri ya ufumu wa Maravi ikuchitira umboni. Mafumu aang'ono popita kukalamba kwa mfumu yaikulu ankanyamula minyanga ya njovu ndi zikopa za mikango ndi akambuku, komanso zotuluka m'manja mwa anthu awo, monga makasu osula ndi nsalu zoomba. Mfumu yaikuluyo sinkangounjika zinthuzo mosungira, koma inkagawanso kwa anthu ake, ndipo dzina lakuti Gawa limakumbutsa udindo wogawawo. Mpaka lero, pa mwambo wa Kulamba umene umachitikira ku Mkaika m'boma la Katete ku Zambia Loweruka lomaliza la mwezi wa Ogasiti, mafumu a Achewa a ku Malawi, Zambia ndi Mozambique safika chimanjamanja kwa Kalonga Gawa Undi.

Nthaka nayo yasunga umboni wake. Ku Mankhamba, kufupi ndi Mtakataka m'boma la Dedza, kumene kudali likulu la Kalonga, katswiri wofukula zakale Yusuf Juwayeyi adapeza mapale a mbiya, zida zachitsulo, zidutswa za minyanga yosemedwa ndi mikanda yagalasi yochokera kutsidya kwa nyanja zamchere. Izi zikusonyeza kuti anthu a kumeneko ankadziwa katundu wakunja, koma kumudziwako sikudawaleketse kuumba, kusula ndi kusema. Nayenso David Livingstone, poyenda m'chigwa cha Shire m'chaka cha 1859, adapeza Amang'anja akupota thonje, kuomba nsalu, kusula zitsulo ndi kuluka madengu m'midzi mwawo. Nsalu yawo, yotchedwa machila, inkagulitsidwa mpaka ku Zambezi.

Pamene bungwe la UNESCO lidaika nsima ya ku Malawi pa mndandanda wa chuma cha chikhalidwe cha anthu a pa dziko lonse m'chaka cha 2017, ambiri adakondwera poganizira mtanda woyera m'mbale. Koma nsima siyenda yokha. Kumbuyo kwake kuli mtondo ndi munsi, lichero, mphasa yoyanikapo ufa, nkhali, mthiko ndi chipande. Wolemekeza nsima koma n'kunyoza wosema mthiko sadamvetse chimene chidalemekezedwa.

Kuchokera m'chikuta mpaka kumanda

Moyo wa Mchewa unkayenda pakati pa mphatso zopanga pamanja. Mwana akatuluka m'chikuta, agogo ake aakazi ankamumanga mkuzi m'chiuno, ndipo poona mmene mkuziwo ukuthinira ankadziwa kuti mwanayo akukula bwino. Akayamba kuyenda, mkulu wake ankamuumbira ng'ombe zadongo. Mtsikana akafika posewera masanje ankalandira kamphika ndi kalichero kolingana ndi msinkhu wake, ndipo kudzera m'masewero amenewo ankaphunzira ntchito ya pakhomo. Namwali akakula, azakhali kapena agogo ankamutungira mikanda. Mlendo akafika ankamuyalira mphasa, ndipo potsazika sankamulola kupita wopanda kanthu, ngakhale kadengu ka mtedza. Munthu akatsikira kulichete, mphasa yomweyo inkamuperekeza kumanda.

Koma pamene mwambowu umaonekera bwino koposa ndi pa chinkhoswe. Pamenepo mwamuna amalandira khasu, nkhwangwa ndi chikwanje, mkazi nalandira lichero, mthiko, chipande, mphika ndi tsache, ndipo ankhoswe amafotokoza tanthauzo la chida chilichonse. Kale zida zimenezi zinkakonzedwa miyezi ingapo tsikulo lisadafike, ndipo wozikonza ankadziwa amene adzazigwiritse ntchito.

M'mudzi wina m'mbali mwa mtsinje wa Linthipe, mtsikana wina wophunzira bwino atatomeredwa, malume ake adamuitana pansi pa mtengo wa mango. Adamuuza kuti atambasule dzanja, nayeza chikhato chake ndi kamtengo, osanena chifukwa. Tsiku la chinkhoswe litafika, pakati pa mbale zonyezimira ndi mapoto ogula m'tauni padatuluka chipande ndi mthiko zokulungidwa m'nsalu yakale. Mtsikanayo adachita manyazi pamaso pa anzake, ndipo madzulo adafunsa chapansipansi kuti, "Amalume, mukadanena ndikadakupatsani ndalama mukagule zooneka bwino." Mkuluyo adangoseka nati, "Nabanda, za kusitolo adapangira aliyense. Izi ndapangira iwe. Kaphikire kaye, udzandiuza." Patapita masiku mayiyo adazindikira kuti chogwirira cha mthikowo chidasemedwa mochepa kuti chikwane m'dzanja lake laling'ono, ndipo sichinkamutulutsa matuza monga unkachitira mthiko wa mayi ake. Malumewo adamwalira, mbale zija zidasweka imodziimodzi, koma mthiko uja ukadavundulabe nsima, ndipo ana a pakhomopo amautchula dzina la agogo amene sadawaone.

Apa ndiye pagona kusiyana kwa mphatso ziwirizi. Yogula imanena kuti woperekayo adali ndi ndalama ndipo adakumbukira tsikulo. Yopanga imanena kuti adakhala pansi masiku angapo akulingalira za munthu mmodzi: kutalika kwake posema mpini wa khasu, kukula kwa banja lake poumba nkhali, mtundu umene amaukonda potunga mikanda.

Chimene chasintha

Si bwino kunamizira zinthu zamakono milandu imene sizidapalamule. Ndowa yapulasitiki ndi yopepuka ndipo siisweka ikagwa, kotero mayi wotunga madzi kutali ali ndi chifukwa chomveka choikondera kuposa mtsuko. Poto wachitsulo amapsetsa msanga ndipo amasunga nkhuni. Munthu wogwira ntchito m'tauni kuyambira m'mawa mpaka madzulo alibe nthawi imene adali nayo mlimi m'miyezi ya chilimwe atakolola. Zonsezi n'zoona.

Koma pali zinthu zitatu zimene zafooketsa luso la pakhomo koposa pulasitiki. Choyamba ndi manyazi. Pakhazikika maganizo akuti wopereka chopanga yekha ndiye kuti wasowa chogulira, kotero pa maukwati a masiku ano ulemu umayezedwa ndi ndalama zoponyedwa m'lichero pa perekaniperekani, pamene woluka lichero lomwelo palibe womukumbukira. Zida za chinkhoswe zimagulidwa mothamanga pamsika m'mawa wa tsikulo, ndipo mwambo ukatha zina zimaiwalika pakona.

Chachiwiri ndi kutha kwa malo ophunzirira. Mnyamata ankaphunzira kusoka mphasa ndi kuluka dengu atakhala pafupi ndi akuluakulu pabwalo kapena kumphala, poyamba akungowapatsira zipangizo, kenaka akupala nsungwi, mpaka tsiku lina atapatsidwa ntchito yonse. Mtsikana ankaphunzira kuumba ndi kutunga mikanda kukuka kwa agogo ake. Lero ana ambiri akukulira kutali ndi agogo awo. Kusukulu za pulayimale kuli phunziro la Expressive Arts, koma kawirikawiri mwana akauzidwa kuti abweretse tsache kapena mthiko wopanga yekha, kholo limangomugulira pamsika kuti akapeze malikisi. Potero mwanayo waphunzira bodza m'malo mwa luso.

Chachitatu ndi kusowa kwa zipangizo, ndipo nkhani imeneyi ibwera kutsogoloku. Choyenera kutsogola n'chakuti luso limeneli si lovuta monga amaganizira ambiri. Zinthu zingapo zikhoza kupangidwa pakhomo pa aliyense ndi zida zochepa.

Mthiko ndi chipande

Woyamba kumene kusema ayambe ndi mthiko, chifukwa ndi wowongoka ndipo sufuna kugoba. Pafunika nthambi yowongoka yonenepa ngati mkono wa munthu wamkulu, kasemasema ndi mpeni wakuthwa. Mtengo wa malaina ndi wofewa ndipo umasemeka bwino. Nthambi ya mango imene yadulidwa potengulira nayonso imathandiza. Bulugamu amakonda kung'aluka akamauma. Mitengo yaululu monga mwabvi, ndi yamkaka woyabwa monga nkhadze, isayandikire chida chilichonse chokhudza chakudya. Mtengo umasemeka mosavuta ukadali wauwisi pang'ono, choncho mmisiri amayamba waupatsa maonekedwe ake, kenaka amauika pamthunzi masiku angapo kuti uume pang'onopang'ono, popeza dzuwa limaumitsa kunja msanga mkati mukadali madzi ndipo mtengo umang'ambika. Ukauma amaupala ndi mpeni kapena chidutswa cha botolo, nausalaza ndi sandipepala. Pomaliza amaupaka mafuta ophikira, osati penti kapena vanishi, zimene zingasungunukire m'chakudya.

Chipande chimafuna kudekha kwambiri chifukwa cha kugoba. Mmisiri amayamba wagoba mkati mtengo ukadali wochindikala, kenaka n'kumachepetsa kunja, chifukwa akayamba ndi kunja chimasweka m'manja. Mlomo wake ukhale wopyapyala ndi wosalala kuti mtanda uzituluka woumbika bwino. Choyamba chimatuluka chokhota, chachiwiri chimakhalako bwino. Paja mphini yobwereza ndiyo imawala.

Lichero, nsengwa ndi mphasa

Nsungwi yoyenera kuluka ndi yokhwima, ya zaka zitatu kapena kuposerapo. Imadulidwa m'chilimwe pamene ilibe madzi ambiri, chifukwa yodulidwa m'dzinja imafumbwa msanga. Woluka amaing'amba m'litali, napala timizere topyapyala tofanana m'lifupi, ndipo akafuna kuyamba ntchito amativiika m'madzi kuti tifewe. Amaluka pansi ngati kamphasa, kamzere kalikonse kakudutsa pamwamba pa tinzake tiwiri kapena titatu kenaka pansi pa tiwiri kapena titatu, ndipo mzere wotsatira amausuntha ndi kamodzi. M'menemo ndimo mumachokera maluwa okhotakhota amene amaoneka palichero. Akamaliza amakanikizira cholukacho mkati mwa mkombero, naika mkombero wina mkati kuti upane, nadula zotsalira, namanga mikombero iwiriyo ndi chilambe kapena luzi. Nsengwa imalukidwa chimodzimodzi koma ndi yaing'ono, ndipo ndiyo yoyenera woyamba kumene. Akale ankapachika malichero atsopano kudenga la khitchini kuti utsi uwakhwimitse ndi kuwateteza ku tizilombo tofumbwitsa.

Mphasa ndi ya bango. Bango lokhwima limadulidwa mvula itatha, limayanikidwa, kenaka limang'ambidwa ndi kupalidwa. Wosoka amalindandalika, naliboola ndi singano yaitali yachitsulo, napisa chingwe cha khonje chopotedwa pantchafu, mzere ndi mzere motalikirana ngati chikhato, akukoka kuti pasakhale mipata. Mkeka ndi wa mlaza: masamba ake amayanikidwa, amang'ambidwa, ena amawiritsidwa mu utoto, kenaka amalukidwa kukhala lamba wautali amene amasokedwa m'mbali ndi m'mbali. Lamba yemweyo akasokedwa mozungulira amasanduka chipewa, kachikwama kapena timikeka toikapo mbale zotentha patebulo. Timikeka totere tinayi kapena tisanu ndi kamodzi ndi mphatso yokwanira kupita nayo ku ukwati uliwonse, wa kumudzi kapena wa m'tauni.

Mtsuko ndi mphika

Kuumba ndi luso limene amayi akhala akusiyirana kuyambira kalekale. Dongo limakumbidwa kumtapo, limachotsedwa timiyala ndi mizu, ndipo oumba ambiri amalisakaniza ndi mapale osinja kuti mbiya isaphulike pamoto. Akalikanda bwino, woumba amayamba ndi tsinde, namanga khoma poika mikombero yadongo umodzi pamwamba pa unzake, akusalaza kunja ndi chitsononkho ndipo mkati ndi chidutswa cha chikho. Mbiya ikayamba kulimba amaikulungiza ndi mwala wosalala wa kumtsinje mpaka iwale, najambula mizere m'khosi mwake ndi kamtengo. Imaumira m'nyumba, kutali ndi dzuwa ndi mphepo, kwa sabata kapena kuposerapo malinga ndi kukula kwake. Yosauma bwino imasweka pootcha, chifukwa madzi otsalira m'dongo amasanduka nthunzi nakankha khoma. Kuotcha kumachitika panja tsiku lopanda mphepo, mbiya zitakwiriridwa ndi makungwa ndi nkhuni zouma. Ikazizira amaigogoda ndi chala: yabwino imalira mowala, yong'aluka imalira mogontha.

Mtsuko uli ndi nzeru imene ana asukulu amaiphunzira m'mabuku asayansi osadziwa kuti agogo awo ali nayo pakona. Khoma lake lili ndi timabowo tosaoneka ndi maso, ndipo madzi ochepa amene amatulukira m'timabowomo akamauma amachotsa kutentha, madzi a mkati nazizira. M'mwezi wa Okutobala, ngakhale m'nyumba ya m'tauni magetsi atazima, mtsuko umapereka madzi ozizira popanda kulipira kanthu. Luso lomweli ndilo likugwiritsidwa ntchito ndi magulu a amayi oumba mbaula zadongo za Chitetezo, zimene zimadya nkhuni zochepa poyerekeza ndi mafuwa.

Za wokhala m'tauni ndi za ana

Wina anganene kuti ku Ndirande, ku Kawale kapena ku Johannesburg kulibe mtapo kapena dambo la bango. Koma makolo ankapanga zinthu ndi chimene chidawazungulira, ndipo chimene chazungulira munthu wa m'tauni ndi china. Kwa telala aliyense kumatsala zidutswa za chitenje zimene zimangotayidwa. Zidutswazo zikadulidwa mofanana ndi kulumikizidwa zimapanga chikwama cha kumsika, chophimbira pilo kapena kansalu koberekera chidole. Zikadulidwa timizere totalika ngati chala, n'kumapisidwa kamodzikamodzi m'thumba la ufa lochapa bwino pogwiritsa ntchito kawaya kopinda, zimapanga chopondera pakhomo chokongola ndi cholimba. Mapepala a makalendala akale akadulidwa mosongoka, n'kukulungidwa pa kamtengo ndi kumatidwa ndi guluu, amasanduka mikanda. Chikwama chansalu chili ndi phindu linanso: chimalowa m'malo mwa majumbo opyapyala amene boma la Malawi lidaletsa m'chaka cha 2015, omwe amatseka ngalande ndi kupha ziweto zikawameza.

Ana nawo ali ndi luso lawo limene akuluakulu amaliona ngati masewera chabe. Mnyamata wopinda galimoto yawaya yokhala ndi chiwongolero chotembenuza mateyala wayamba kale kuganiza ngati mmisiri, ndipo womanga mpira wachikulunga wadziwa kale mfundo zimene zimagwira. Mwana wotere akauzidwa kuti apangire mng'ono wake kapena msuweni wake, waphunzira zinthu ziwiri nthawi imodzi, kupanga ndi kupatsa. Bambo ndi mwana wake akhoza kugoba bawo pathabwa lochindikala, mizere inayi ya maenje asanu ndi atatu, onse pamodzi 32, nasonkhanitsa nkhomo 64, n'kukapereka kwa agogo. Chenjezo n'lakuti mpeni ndi waya zigwiridwe wamkulu ali pafupi, ndipo potunga mikanda ya njere za kutchire, njere za nsatsi ndi timbewu tofiira tija tokhala ndi kadontho kakuda tisapatsidwe kwa ana, pakuti n'taululu tikatafunidwa.

Kumene zipangizo zimachokera

Luso limafa m'njira ziwiri: mmisiri akamwalira osaphunzitsa wina, kapena chipangizo chikatha. Madambo ambiri amene ankamera bango asanduka madimba mpaka m'mphepete mwenimweni mwa madzi. Moto wolusa wa osaka mbewa umapsereza nsungwi ndi mlaza chaka ndi chaka. Mitengo ya mombo imene inkapereka luzi yathera m'mauvuni a makala. Mlombwa ndi mbawa zikusowa m'madera ambiri. Phingo, mtengo wakuda umene osema ziboliboli amaukonda, umakula pang'onopang'ono kwambiri, ndipo kuyambira m'chaka cha 2017 malonda ake a pakati pa maiko amayang'aniridwa ndi pangano la CITES. Mkungudza wa m'phiri la Mulanje, mtengo wa fuko la Malawi, umene timabokosi take tonunkhira tinkagulidwa ngati mphatso, watsala pang'ono kutheratu m'phirimo. Mphatso imene yapha mtengo wosabwerera yalanda adzukulu kuti ikondweretse munthu mmodzi.

Mwa ichi wokonda luso ayenera kukhalanso wobzala. Phata limodzi la nsungwi kuseri kwa nyumba kapena m'mbali mwa khwawa limapereka zolukira chaka ndi chaka popanda kubzalanso, bola podula asankhe zokhwima ndi kusiya zanthete, ndipo mizu yake imagwira nthaka. Khonje amamera m'malire a munda popanda chisamaliro chambiri. Nyengo yobzala mitengo m'Malawi imayamba pa 15 Disembala ndi kutha pa 15 Epulo, ndipo mafumu, amene ali ndi mphamvu pa madambo ndi nkhalango za m'midzi, akhoza kupatula malo oti bango ndi mlaza zisatenthedwe kapena kulimidwa.

Kuti luso la makolo likhoza kukhala ndi moyo m'nthawi ino, umboni uli ku Mua m'boma la Dedza, kumene Bambo Claude Boucher Chisale adayambitsa malo a zaluso ndi chikhalidwe a Kungoni m'chaka cha 1976. Amisiri osema amene adaphunzira kumeneko adyetsa mabanja awo ndi ntchito ya manja awo, ndipo zosema zawo zafika m'maiko akutali. Chimene chidachitika kumeneko n'chimene chinkachitika pabwalo la mudzi uliwonse: wodziwa adakhala pansi ndi wosadziwa.

Mtengo wa thukuta

Si onse amene adzagwire kasemasema. Ena manja adawalemera, ena nthawi siwalola. Otere akhozabe kulemekeza luso popita kwa mmisiri wa m'dera lawo nthawi ikadalipo, kumufotokozera za munthu amene akufuna kumupatsa mphatsoyo, ndi kulipira moyenera. N'zomvetsa chisoni kuona munthu amene sanenerera mtengo m'sitolo yaikulu akulimbana ndi nkhalamba imene yapalasa njinga mtunda wautali itasenza malichero, mpaka kuigula pa mtengo wosakwana ndi chakudya cha tsiku limodzi. Lichero limodzi lili ndi ulendo wokadula nsungwi, tsiku lopala ndi tsiku loluka. Mwana wa nkhalambayo akaona mmene bambo ake akunyozekera pamsika, sadzafuna kuphunzira ntchitoyo, ndipo palibe angamudzudzule.

Wolandira nayenso ali ndi udindo. Mphatso yopanga pamanja imalandiridwa ndi manja awiri ndipo imagwiritsidwa ntchito, osati kuponyedwa pansi pa bedi. Woluka akadzacheza n'kupeza dengu lake lili ndi ufa, walandira malipiro oposa kuthokoza kwa pakamwa. Ndipo tsiku lina wolandirayo abweze ndi chake, pakuti kachipande ka therere kamakoma n'kuyenderana.

Pempho kwa onse amene asonkhana

Chikhalidwe chimene chimaoneka tsiku limodzi pa chaka, pabwalo la mwambo, n'kubisika masiku ena onse, chili ngati mbewu yosungidwa m'nsupa imene siibzalidwa. Gule ali ndi tsiku lake, koma mthiko umagwira ntchito tsiku lililonse, ndipo kudzera mwa iwo mwambo umalowa m'nyumba.

Choncho pempho likupita kwa magulu anayi. Agogo ndi amisiri onse amene ali ndi luso m'manja asadikire kufunsidwa. Aitane mdzukulu mmodzi m'chilimwe chino, amupatse mpeni ndi nsungwi, ndipo apirire pamene akuononga zoyamba. Makolo alole ana awo kupita kusukulu ndi tsache lokhota limene amanga okha, kusiyana ndi lokongola logula. Ankhoswe, pokonzekera chinkhoswe, agawe zida zija kwa abale miyezi itatu tsikulo lisadafike, kuti wina aseme, wina aluke, wina aumbe, ndipo popereka atchule dzina la wopanga pamaso pa anthu. Mafumu ateteze madambo ndi mitapo monga amatetezera manda, pakuti namonso muli cholowa cha mudzi.

Pang'onopang'ono ndi mtolo. Khomo lililonse limene laimiridwa pabwalo lino likapanga chinthu chimodzi chokha mwambo wa chaka chamawa usadafike, n'kuchipereka kwa mbale, mnansi kapena mlendo, ndiye kuti manja mazanamazana amene adaiwala ntchito adzakhala ataikumbukira, ndipo ana amene adzakhale pambali akuonerera adzakhala ataona chimene sadachionepo.

Mafumu alandire ulemu wawo, alendo adye ndi kumwa mokondwa, ndipo pobwerera aliyense ayende bwino, akapeze kwawo kuli mtendere.